Kuyeza shuga wa m'magazi mankhwala akasinthidwa

Munthu wodwala matenda a shuga amamwa mankhwala tsiku lililonse. Koma mankhwalawo sakhala amodzimodzi moyo wonse. Tsiku lina ku cipatala akhoza kukuuzani kuti: "Awa siyani, muyambe awa." Masabata oyamba pambuyo pa tsiku limenelo ndi ofunika kusamala kwambiri. Thupi limakhala lisanazolowere mankhwala atsopanowo. Shuga akhoza kukwera, akhozanso kutsika mopitirira. Maso sangaone zimenezi. Njira yodziwira ndi kuyeza basi.

Shuga wa m'magazi ndi ciani?

Nsima, cinangwa, mbatata, mpunga ndi buledi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga. Shugayo amalowa m'magazi. Kuti thupi limugwiritse nchito pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi kapamba. Insulini ikacepa, kapena ikaleka kugwira bwino nchito, shuga amangodzaza m'magazi. Pakapita zaka amawononga maso, impso, mtima ndi mapazi. Ku cipatala mumva mawu a Cipwitikizi. Matendawa amati diabetes, ndipo muyezo wa shuga m'magazi amati glicemia.

N'cifukwa ciani mankhwala amasinthidwa?

Zifukwa zilipo zingapo. Mwina shuga sakutsika ndi mankhwala akale. Mwina mankhwalawo akukuvutitsani m'thupi. Mwina impso zafooka, kapena mayi ali ndi pakati. Nthawi zina mankhwala amene munazolowera amakhala atatha, ndiye amakupatsani ena. Kuonjezera kapena kucepetsa mapiritsi nakonso ndi kusintha.

Musanatuluke m'cipinda ca dokotala kapena namwino, funsani mafunso atatu awa: Kodi akale aja ndisiyiretu, kapena ndizimwa pamodzi ndi atsopanowa? Ndizimwa nthawi yanji, ndisanadye kapena nditadya? Ndibwerenso liti? Musacite manyazi. Nenaninso mankhwala ena onse amene mukumwa: a cifuwa cacikulu, ma ARV, ngakhale a zitsamba. Ena mwa iwo amasintha mphamvu ya mankhwala a shuga.

Mankhwala atatu odziwika

Metformina. Amamwa pamodzi ndi cakudya. Masiku oyamba akhoza kubweretsa mseru kapena kutsegula m'mimba, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimacepa thupi likazolowera. Payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri.

Glibenclamida. Amakakamiza kapamba kutulutsa insulini yambiri. Mukamwa koma osadya, shuga akhoza kutsika kwambiri, ndipo vutolo limatha kukhala maola ambiri. Okalamba ndi odwala impso asamale koposa.

Insulini. Iyi ndi ya jakisoni, ndipo ndi yamphamvu kutsitsa shuga. Imaonongeka ndi kutentha. Ngati mulibe firiji, isungeni mu mtsuko wadothi wokhala ndi mcenga wonyowa, pamthunzi.

Munthu amene wacoka pa metformina yekha n'kuyamba glibenclamida kapena insulini, ndiye ayenera kukhala cheru kwambiri. Kale ankatha kupita kumunda osadya, osaona vuto. Tsopano zimenezo n'zoopsa.

Kayezedwe kake

Kamakina koyezera amakachula kuti glucómetro. Kamafuna kadontho kamodzi ka magazi a pa cala.

1. Sambani m'manja ndi sopo, mupukute ziume. Ngati mwagwira mango kapena nzimbe osasamba, kamakina kaonetsa shuga wambiri wabodza.
2. Lowetsani kapepala koyezera m'kamakina. Onani kuti tsiku lake silinadutse.
3. Bayani m'mbali mwa nsonga ya cala. M'mbali simupweteka ngati pakati.
4. Gunditsani kapepala pa kadontho ka magazi, mudikire nambala.
5. Lembani nambalayo nthawi yomweyo.

Kasingano kobayira ndi ka munthu mmodzi. Osabwerekana ayi.

Muyeze nthawi yanji?

Nthawi zofunika ndi izi: m'mawa musanadye kanthu, patapita maola awiri mutadya, ndi usiku musanagone ngati mumabaya insulini. Yezaninso nthawi iliyonse imene mukumva zacilendo m'thupi. A ku cipatala ndiwo akuuzeni kuti muziyeza kangati pa sabata. Timapepala toyezera n'todula, conco gwirizanani nawo masiku oyenera kuti tisathe msanga.

Mwina mukuti, "Nanga ine ndilibe kamakina?" Anthu ambiri alibe. Musaphonye tsiku limene akupatsani ku cipatala. Akakuuzani kuti mubwere osadya, funsani ngati mankhwala a m'mawa mumwe mutayezetsa kale. Tengani cakudya m'thumba. Kuima pamzere ndi njala mutamwa glibenclamida kapena mutabaya insulini kukhoza kukugwetsani.

Manambala akutanthauzanji?

Pali mawerengedwe awiri. Makina ena amaonetsa manambala akuluakulu, monga 120, ndipo pambali pamalembedwa mg/dL. Ena amaonetsa ang'onoang'ono okhala ndi kadontho, monga 6.7, ndipo pamalembedwa mmol/L. Dziwani kuti kanu ndi ka mtundu uti.

Kwa akuluakulu ambiri odwala shuga, muyezo wabwino ndi uwu:

Musanadye: kuyambira 80 mpaka 130 mg/dL, kapena 4.4 mpaka 7.2 mmol/L.
Patapita maola awiri mutadya: osafika 180 mg/dL, kapena 10 mmol/L.
Pansi pa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L: shuga watsika kwambiri.

Kamakina kakalemba LO, shuga watsikitsitsa. Kakalemba HI, wakwereratu. Kwa amayi apakati ndi okalamba, dokotala akhoza kupereka muyezo wina.

Shuga akatsika

Ili ndi vuto lacangu. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yoopsa, mtima kugunda msanga, cizungulire ndi kusokonezeka mutu. Munthu amatha kuoneka ngati waledzera. Zimacitika kawirikawiri ukadumpha cakudya, ukalima nthawi yaitali, ukamwa mowa osadya, kapena ukasala kudya. M'miyezi ya njala, cakudya cikacepa pakhomo koma nchito ya kumunda ili yambiri, ngoziyi imakula.

Cocita ndi ici. Sungunulani masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, mumwe. Supuni yaikulu ya uci nayonso imathandiza. Dikirani mphindi 15, muyezenso. Ngati akadali pansi pa 70, bwerezani. Mukapeza bwino, idyani cakudya ceniceni. Ngati mulibe kamakina koma zizindikiro zilipo, imwani shugayo ndithu. Pambuyo pake kauzeni a ku cipatala, cifukwa mwina mankhwala akuculuka.

Munthu akakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cam'mbali, muthamange naye ku cipatala. Abale anu adziwe zimenezi lero lomwe. Inunso muziyenda ndi shuga pang'ono kapena maswiti m'thumba.

Shuga akakwera

Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kufooka ndi kuona mwacimbuuzi. Nambala imodzi yokwera si yoopsa payokha. Koma ikamakwera masiku angapo motsatizana, bwererani ku cipatala tsiku lanu lisanafike. Musaonjezere mapiritsi panokha. Ngati nambala yadutsa 300 mg/dL, kapena 16.7 mmol/L, ndipo sikutsika, kapena mukusanza, mukupuma mwabefu, mukungofuna kugona, pitani tsiku lomwelo. Malungo ndi matenda ena otentha thupi amasokonezanso shuga, conco mukadwala yezani pafupipafupi.

Kope lanu

Pezani kope laling'ono. Pa tsamba loyamba lembani dzina la mankhwala atsopano ndi tsiku limene mwayamba. Kenako mzere umodzi pa kuyeza kulikonse, motere:

Lolemba, m'mawa ndisanadye: 142. Piritsi limodzi.
Laciwiri, masana kumunda: 64. Ndinanjenjemera. Sindinadye m'mawa.
Lacitatu, m'mawa ndisanadye: 128. Ndili bwino.

Taonani mzere wa Laciwiri. Mawu ndi ocepa, koma namwino akawerenga adziwa cimene cinacitika: munthuyu anamwa mankhwala, osadya, n'kupita kukalima. Popanda kope, pofika tsiku la ku cipatala zonsezi zikhala zitaiwalika. Lembani nambala imene mwaona, ngakhale ikhale yoipa. Nambala yonamizira imasoceretsa wokuthandizani.

M'zipatala zina muli muyezo wina wochedwa HbA1c. Umaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Patapita miyezi itatu mutasintha mankhwala, funsani ngati mungayezedwe. Popita kumeneko tengani kope lanu, khadi la ku cipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, akale ndi atsopano omwe.