Fupa Limene Linacitira Umboni

Mnyamata ndi mtsikana iwe, tagwira mkono wako wamanzere pakati pa phewa ndi cigongono. Muli fupa limodzi lokha lalitali, limene madokotala amalicha humerus. Kumtunda lili ndi mutu wobulungira umene umazungulira m'phewa, ndipo kumunsi limakumana ndi mafupa awiri otsikira ku dzanja. Fupa lotere ndilo linathetsa cikayiko cacikulu ku London m'caka ca 1874.

Nkhaniyi inayambira ku Mabotsa, ku South Africa, mu 1844. Mkango unambwandira mmishonale David Livingstone, numuluma pa phewa, nuphwanya fupa la mkono wamanzere. Mphunzitsi wina dzina lake Mebalwe anayesa kuuombera, ndipo cilombo cija cinasiya Livingstone ndi kulumphira iye.

Taganiza mkangowo ukadaluma pa khosi! Mwa mafupa 206 a munthu wamkulu, a msana ndiwo osafuna masewera. Timafupa ta msana tilipo 33: 7 m'khosi, 12 kumene kwagwira nthiti, 5 m'ciuno, ndipo 9 totsalato tinagwirana kumunsi. Pakati pake pali mphako mmene mumadutsa mtsempha waukulu wocokera ku ubongo. Ukaduka umenewo, miyendo imafa, mwinanso munthu yemwe.

Fupa lothyoka limadzilumikiza lokha, koma limafuna kuti mbali ziwirizo zilunjikitsidwe ndi kumangidwa kuti zisagwedezeke kwa milungu ingapo. La Livingstone linali lophwanyika kwambiri ndipo silinagwirane bwino. Pothyokapo panasanduka ngati mfundo yonama, ndipo mkonowo unam'vuta moyo wake wonse. Ndi mkono womwewo anayenda m'dziko la Acewa, naoloka Luangwa mu Disembala 1866, cigwa comweco cimene umatsikirako ukacoka ku Chipata pa msewu wa Mfuwe.

Pa 1 Meyi 1873 anamwalira m'mudzi wa mfumu Chitambo. Anchito ake, motsogoleredwa ndi Susi ndi Chuma, anaika mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu. Thupi analithira mcere, naliumitsa padzuwa, nalisenza miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja yamcere, mu Febuluwale 1874. Kumbukira ana a Israyeli ndi mafupa a Yosefe pa Eksodo 13:19.

Koma thupi litafika ku London nkhope inali yosazindikirika. Kodi Aafirika aja anabweretsadi Livingstone, kapena mtembo wa munthu wina? Dokotala Sir William Fergusson, amene anaupimapo mkonowo mwini wake ali moyo, anaona fupa lija ndi mfundo yake yonama. Cikayiko cinathera pomwepo. Maliro anaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874, ndipo kukhulupirika kwa Susi, Chuma ndi anzao kunaonekera poyera.

Tsono iwe utengepo ciani? Fupa limasunga mbiri ya zimene linakumana nazo. Livingstone analibe cipatala pafupi, koma iwe uli ndi cipatala cacikulu ca Chipata, Mwami ndiponso St Francis ku Katete. Mnzako akathyoka pa mpira, um'mange ndi kathabwa ndi kupita naye msanga, asati kungomutowa kunyumba. Akagwa mu mtengo wa mango nadandaula khosi kapena msana, usam'dzutse kapena kum'pinda. Muitane akulu, mum'goneke pa thabwa lolimba mutu uli cilunjikire. Thupi limeneli unapatsidwa ndi Mulungu, ulisamale.