Kalata Yochokera ku Joni

Kuno ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe mukhoza kupezabe agogo amene pa unyamata wao anakumbako golide ku Joni. Mukaŵafunsa chimene chinkaŵalumikiza ndi kwao, adzatchula kalata.

Bungwe la Wenela linkalemba amuna opita ku migodi ya ku South Africa, pamene Mthandizi ankatengera ena ku minda ya ku Southern Rhodesia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalaŵi oposa 100,000 anali ku migodi ya ku Joniko.

Komatu kalata ya masiku amenewo sinali ya anthu aŵiri okha. Wosadziŵa kulemba ankapempha mnzake wa pa komboni kuti amlembere. Ikafika kumudzi, mkazi ankapita nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wa sukulu, ndipo kaŵirikaŵiri inkaŵerengedwa apongozi ali pomwepo. Nanga za kukhosi munthu akanazinena bwanji? Motero kalata inkangonena za moyo, za mvula, za msonkho ndi za ndalama; zotsalazo zinkadikira tsiku loonana maso ndi maso.

Panalinso nkhani zimene mwambo wathu sunalole kuti pepala lizimalize. Banja likagwedezeka, ankhoswe ankafuna kumuona mwini wake pa mphasa, pakuti nkhope imaulula zimene inki imabisa. Uthenga wa maliro unkafika malemu ataikidwa kale, koma munthu pobwera, ngakhale patapita chaka, ankayamba wakapepesa kusiwa. Ine ndiyesa choŵaŵa koposa chinali kalata yongoleka kubwera. Mkazi sankadziŵa ngati mwamuna wake wafa, wakwatira kwina kapena watchona.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi oposa 70 anafa. Anali paulendo wobwerera kwao, kukaonana ndi abale amene kwa miyezi yambiri ankangomva mau ao pa pepala. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 ndipo inatha mu 1988.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ambiri odzafuna ntchito mumzinda nawonso ankalemba makalata opita kumudzi. Koma iwo maliro akagwa ankatha kukwera basi.