Zaka Zoyenera Kuzikhulupirira Pomanga ku Mangochi

Pamene Harry Johnston anakhazikitsa linga la Fort Johnston m'mbali mwa mtsinje wa Shire m'chaka cha 1891, maganizo ake anali pa nkhondo yolimbana ndi ogulitsa akapolo. Za kutentha kwa malowo, mphepo yake ndi mvula yake, panalibe chiŵerengero cha zaka zambiri choti womanga nyumba atsamirepo. Ngakhale pamene boma linasamukira pamalo pamene lili lero, m'chaka cha 1897, nzeru yodalirika inali ya eni dziko, Ayao ndi Anyanja. Iwo ankadziŵa kuti mwera umaomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, ndi kuti Okutobala akafika, nyumba yopanda khonde sigoneka.

Kulemba kukwera ndi kutsika kwa Nyanja ya Malaŵi kunayamba m'chaka cha 1896, ndipo mabuku ameneŵa ndiwo aphunzitsa amisiri koposa. Pofika 1915 nyanja inatsika kwambiri kotero kuti Shire analeka kutulutsa madzi. Mchenga ndi mabango zinatseka pakamwa pa mtsinje, ndipo zinakhala choncho kufikira cha m'ma 1935. Zaka makumi aŵiri si masiku. Mwana anabadwa, nakula, nakwatira, osaonako madzi a m'nyanja akutsikira ku Liwonde. Munthu woyeza m'zaka zokhazo akanalumbira kuti gombe lonse ndi malo abwino omangapo. Koma m'chaka cha 1980 nyanja yomweyo inakwera kufika pafupifupi mamita 477 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo mu 2024 inaloŵanso m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake.

Funso la mmisiri wa lero ndi lomwelo: kodi akhulupirire zaka ziti? Iye asanaumbe njerwa, amaika pulani ya nyumba m'kompyuta kuti imuuze mmene chipinda chidzatenthere, ndi magetsi amene adzafunike pochiziziritsa. Kompyutayo imafuna nyengo ya chaka chathunthu, ola ndi ola, maola 8,760: kutentha, chinyontho, mphepo ndi mphamvu ya dzuŵa.

Njira yosankhira chaka chimenechi inakonzedwa ku America, ku Sandia National Laboratories, m'chaka cha 1978. Akatswiri amayala zaka zambiri, nasankha Januwale mmodzi wofanana kwambiri ndi anzake onse, kenaka Febuluwale, mpaka miyezi 12 itakwana. Chaka chotulukapo ndi chosokedwa ngati chigamba, sichinaonekepo pansi pano, komabe chimaimira bwino zaka zonsezo. Poŵerengera mtengo wa magetsi njirayi ndi yabwino ndithu. Chofooka chake n'chakuti imataya dala zaka zachilendo, pamene mbiri ya nyanja yaonetsa kuti zaka zachilendozo ndizo zimagwetsa khoma. Chaka chosokedwachi sichikanadziŵa 1915, sichikanadziŵanso 1980.

Palinso nkhani ya malo oyezerapo. Nthambi yoona zanyengo ili ndi malo ake ku Mangochi ndi ku Monkey Bay, koma womanga wothamanga angathe kungotola chiŵerengero cha ku Chileka poti ndicho chili pafupi ndi dzanja. Kumeneko ndi kudzinamiza. Chileka ili pamtunda wa mamita oposa 750, Mangochi sifika n'komwe 500, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse okwera. Kusiyana kwa madigiri aŵiri kumaoneka kochepa papepala, koma osati kwa mwana wa sukulu wokhala pansi pa malata masana a Novembala.

Bungwe la zanyengo la dziko lonse limalangiza kuti nyengo ya malo iyezedwe pa zaka 30, ndipo muyeso wogwiritsidwa ntchito tsopano ndi wa 1991 mpaka 2020. Nyumba yomangidwa lero ku Mangochi idzakhalapobe zaka 50 zikudzazi, ndipo dziko likunka litentha kuposa mmene linalili m'zaka zoyezedwazo.