Duku, Burqa ndi Mbali Ziwiri za Tchalitchi

Lamulungu lililonse m'matchalitchi athu kuno ku Hewe amayi amakhala mbali yawo, abambo mbali yawo, ndipo agogo ambiri sangalowe opanda duku kumutu. Mwambowu si wa makolo athu okha. Malamulo a Mpingo a 1917, pa ndime 1262, ankalangiza kuti amuna ndi akazi azikhala molekana m'tchalitchi, akazi atafunda kumutu. Malamulo a 1983 sanabwerezenso zimenezi. Duku linatsala m'manja mwa mwini mutu.

Ku Afghanistan nsalu ya kumutu yakhala ikusinthasintha ndi maboma. Mu 1928 Mfumukazi Soraya inaonekera pagulu nkhope ili poyera, pamene mwamuna wake, Mfumu Amanullah, ankalimbikitsa sukulu za atsikana. Atsogoleri achipembedzo ndi a mafuko anakwiya, ndipo mu 1929 mfumuyo inasiya ufumu n'kuthawa. Mu 1959 boma la Mohammed Daoud linalola akazi kuyenda osaphimba nkhope. Koma a Taliban atalanda Kabul mu 1996, burqa, chinsalu chophimba thupi lonse chosiya kaukonde pamaso, chinakhala lamulo, ndipo atsikana anachotsedwa m'makalasi. Ulamulirowo unagwa mu 2001, n'kubwereranso mu August 2021. Atsikana opitirira kalasi ya 6 anatsekeredwa kunja, mu May 2022 akazi analamulidwa kuphimba nkhope, mu December chaka chomwecho mayunivesite anawakana, ndipo lamulo la August 2024 linaletsa ngakhale mawu awo kumveka pagulu. Kwa ine chopweteka si nsaluyo ayi, pakuti alipo amayi oivala mwa chikhulupiriro chawo. Chopweteka ndi mwana amene sukulu yake inathera panjira.

Tisafulumire kugwedeza mutu ngati ife sitinadutsemo. Mu 1973 boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa Decency in Dress Act, lamulo loletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yosafika m'mawondo. Funsani amayi anu, akukumbukira. Lamulolo linachotsedwa pambuyo pa riferendamu ya 1993, koma maganizo ake anachedwa kufa. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula akazi pamsewu chifukwa cha thalauza, ndipo patangopita masiku ochepa amayi anasonkhana ku Blantyre kudzatsutsa nkhanzazo, ambiri atavala thalauza lomwelo.