Kusanza: Nyama Zosanza ndi Zosasanza

Kusanza ndi njira imene thupi limatulutsira zoipa m'chifu kudzera pakamwa. Nseru imayamba: malovu amachuluka, thukuta limatuluka, kenako minofu ya pamimba ndi mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba imafinya chifu mwamphamvu. Zonsezi zimayendetsedwa ndi tsinde la ubongo, kumene kuli kachigawo kotchedwa area postrema, komwe kamamva poizoni amene ali m'magazi. Herbert Borison ndi S. C. Wang ndiwo anafotokoza ntchito yake cha m'ma 1950, atafufuza pa agalu ndi amphaka.

Si nyama zonse zimene zimasanza. Kalulu sasanza. Kavalo naye amavutika kwambiri kusanza, chifukwa khomo la chifu chake limatseka zolimba, moti chifucho chimatha kuphulika.

Khoswe ndiye wodabwitsa. Kafukufuku wa Charles Horn ndi anzake ku Pittsburgh mu 2013 anasonyeza kuti ubongo wa khoswe ulibe dongosolo loyambitsa kusanza. Nanga amadziteteza bwanji? Amalawa pang'ono chabe chakudya chachilendo, ndipo chikamudwalitsa sachikhudzanso. N'chifukwa chake mankhwala ambiri ophera makoswe amapangidwa kuti azipha pakapita masiku. Khoswe akamva nseru amadya dothi, ndipo asayansi amayeza kuchuluka kwa dothi la kaolin limene wadya kuti adziwe mmene wadwalira. Njira yoyezera imeneyi ndi yabwino, koma yozungulira.

Poyesa mankhwala oletsa kusanza, ofufuza anatembenukira ku kanyama kotchedwa ferret, komwe kamasanza. Mankhwala a ondansetron, amene amathandiza odwala khansa kuti asasanze, anayesedwa pa kanyamaka asanavomerezedwe ku America mu 1991.