Mizimu, angelo ndi mwayi wachiwiri m'masewero a pa TV

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, koma olemba masewero a pa TV akhala akuyesa kuwaola kwa zaka zoposa 60. Gwero la nkhani zotere ndi lakale kuposa TV imene. Mu 1843 Charles Dickens analemba A Christmas Carol, nkhani ya Scrooge, munthu woumira amene mizimu itatu inamuonetsa dzulo lake, lero lake ndi manda ake. Mizimuyo sinasinthe kanthu pa zimene anachita kale. Inangomuumiriza kuziyang'ana.

Pa TV, amene anaigwira bwino nkhani yotereyi poyamba ndi Rod Serling, mwini The Twilight Zone, yomwe inayamba pa CBS mu 1959. M'gawo lina la chaka chomwecho, lotchedwa Walking Distance, bambo wotopa ndi ntchito yotsatsa malonda akupezeka m'tauni imene anakuliramo, m'masiku a ubwana wake. Akuthamangitsa mnyamata amene ndi iye yemwe kuti amuuze kuti asangalale nawo ubwanawo, mwanayo nkugwa ndi kuvulala mwendo. Pobwerera ku nthawi yake, bamboyo akutsimphina. Ine ndimaona kuti Serling anamvetsa msanga chinthu chimene ambiri omutsatira anachizemba: wobwerera kumbuyo amalipira.

Kenako kunabwera nyengo ya angelo. Highway to Heaven ya Michael Landon inaonetsedwa kuyambira 1984 mpaka 1989, ndipo Touched by an Angel kuyambira 1994 mpaka 2003. Mngelo amafika, kuyanjanitsa bambo ndi mwana, nkupitirira ulendo. Anali masewero otonthoza mtima, koma ntchito yambiri inkagwiridwa ndi mlendo wochokera kumwamba. Ngakhale Sam Beckett wa mu Quantum Leap, amene kuyambira 1989 mpaka 1993 ankalowa m'moyo wa anthu ena, ankakonza zolakwa za eni ake, osati zake.

Zinthu zinatembenuka ku Canada mu 2009, pamene CBC inayamba kuonetsa Being Erica. Erica Strange, mayi wa zaka 32 wa ku Toronto, akuuzidwa ndi Dr. Tom kuti alembe zonse zimene amanong'oneza nazo bondo. Kenako akumutumiza kumbuyo kuti akakumane nazo chimodzichimodzi. Apa palibenso womugwirira ntchito. Nthawi zambiri amasankha mosiyana ndi poyamba, koma zotsatira zake nkukhala pafupifupi zomwe zija. Chimene chimasintha ndi mmene iye akumvetsera zimene zinachitika. Chomupweteka kwambiri pa mndandandawo ndi imfa ya mchimwene wake Leo, amene anapsa ndi moto, ndipo ataphwanya lamulo kuti amupulumutse, seweroli silinamulole kuti amusunge. Aliyense amene anaikapo m'bale wake amadziwa chifukwa chake gawo limenelo limalasa mtima.

Ku South Korea nkhaniyi inamera pa chikhulupiriro cha Chibuda choti mzimu wa womwalira umakhala masiku 49 usanapite kwina. Mu 49 Days ya 2011, mtsikana ali chikomokere m'chipatala, ndipo kuti adzuke ayenera kupeza misozi itatu ya anthu omukondadi omwe si abale ake. Pofunafuna misoziyo akutulukira kuti chibwenzi chake ndi mnzake wapamtima ankamudyera masuku pamutu. Mu Hi Bye, Mama! ya 2020, mayi womwalira akupatsidwa masiku omwewo kuti akhale pafupi ndi mwana wake.

Lolemera kuposa onsewa ndi Death's Game ya 2023. Mnyamata amene anasowa ntchito kwa zaka zambiri akudzipha, ndipo Imfa ikumulanga kuti afe ka 12 m'matupi a anthu ena. Thupi lomaliza ndi la mayi ake enieni, ndipo akukakamizika kukhala zaka zambiri m'moyo wa mayi amene mwana wake anadzichotsera moyo.