Mathiraki Ofiira a Coca-Cola Komanso AI

Mu 1931, kampani ya Coca-Cola inalemba nchito Haddon Sundblom kuti azijambula Santa Claus wa pa zithunzi zake zotsatsa malonda. Anagwira burashi ndi penti mpaka 1964, ndipo poyamba anali kutengera nkhope ya mnzake, Lou Prentiss. Mu 1995 kunabwera kanema ya mathiraki ofiira onyezimira magetsi a Khirisimasi. Pa kanemayo anadyerapo ambiri: ojambula, ocita sewero, oimba.

Mu Novembala 2024, mathiraki aja anabweranso, koma opangidwa ndi AI m'masitudiyo atatu: Secret Level, Silverside AI ndi Wild Card. Ndinaionera pa foni, ndipo nkhope za anthuwo zinali zosalala monga za zidole za m'sitolo. Akatswiri ojambula anakwiya pa intaneti, osati cabe cifukwa ca nkhopezo koma cifukwa ca nchito zawo. Ine ndili kumbali yawo. Ana ena amene ndimaphunzitsa amalota kudzadyera luso lojambula.

Kampaniyo sinabwerere m'mbuyo. Mu 2025 inatulutsanso ina ya AI, koma ulendo uno inadzazamo nyama, nkhope za anthu n'kuzicepetsa.